Momwe mungadziwire ngati mgwirizano wa mtendere ukhalitsa

Mukamva pa wailesi kuti mbali ziwiri zomwe zakhala zikumenyana zasainirana mgwirizano wa mtendere, musafulumire kuwomba m'manja. Mwambo wake umakhala wokongola ndithu: thebulo lalitali, mbendera kumbuyo, akuluakulu atavala masuti akugwirana chanza, mkhalapakati akumwetulira pakati pawo. Koma mapepala otere asainidwa ambiri mu Africa muno, ndipo ambiri mwa iwo sanamalize n'chaka chomwe mfuti zisanayambirenso kulira. Ine sindine kazembe, ndine munthu wamba wokulira m'malire a Ntcheu ndi Mozambique amene amakonda kutsata nkhanizi. Pali mafunso omwe ndimadzifunsa ndikamva za mgwirizano watsopano, ndipo munthu aliyense wokhala ndi wailesi kapena foni angathe kupeza mayankho ake.

Yambani ndi kuwerenga anthu omwe palibe pathebulopo. Atolankhani amatchula omwe asaina, inu funsani za omwe ali ndi mfuti koma sanasaine. Mu Meyi 2006 ku Abuja, m'dziko la Nigeria, kunasainidwa mgwirizano wothetsa nkhondo ya ku Darfur, chigawo cha kumadzulo kwa Sudan. Nthumwi za America ndi Britain zinabwera kudzakankha kuti zinthu zithe msanga. Mwa magulu atatu akuluakulu oukira boma, la Minni Minnawi lokha ndi lomwe linasaina. Gulu la Abdul Wahid al-Nur linakana, la JEM linakananso. Chotsatira chake, oukira boma aja anayamba kumenyana okhaokha, osaina ndi osasaina, magulu n'kugawikagawika, ndipo anthu m'misasa ya othawa nkhondo ankachita zionetsero zokana mgwirizano womwe amati unalembedwa pofuna kuwapulumutsa. Ku Afghanistan zinali zoposa pamenepo. Mu Febuluwale 2020 ku Doha, America inasainirana ndi a Taliban boma la Afghanistan lenilenilo lili kunja. Pofika pa 15 Ogasiti 2021 a Taliban anali atalowa mu Kabul. Ndipo mu Juni 2025, nduna za Congo ndi Rwanda zitasainirana ku Washington, oukira boma la Congo a M23, omwe anali atalanda mizinda ya Goma ndi Bukavu miyezi ingapo m'mbuyomo, sanali nawo pamenepo. Zawo zimakambidwa kwina, ku Doha. Mukaona kuti mwini mfuti ali kunja kwa chipinda, dziwani kuti chomwe chasainidwacho n'chiyambi chabe cha zokambirana, kaya mwambo wake ukhale waukulu bwanji.

Chachiwiri, fufuzani amene akudyetsa nkhondoyo. Msilikali amadya, galimoto imamwa mafuta, zipolopolo zimagulidwa. Ndalamazo zikuchokera kuti, ndipo kodi mgwirizanowo watseka njira yake? Apa ndimakonda kuyerekeza Angola ndi Mozambique, chifukwa mayiko awiriwa analandira ufulu kwa Apwitikizi chaka chimodzi, 1975, onse n'kugwa m'nkhondo yapachiweniweni, onse n'kuyesa mtendere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ku Angola boma la MPLA linali ndi mafuta a m'nyanja, Jonas Savimbi ndi UNITA anali ndi dayamondi wa kumpoto chakum'mawa. Ngakhale America ndi Soviet Union ataleka kukokana, aliyense anali ndi chuma chake chogulira zida. Bungwe la United Nations linaletsa kugula dayamondi wa UNITA mu 1998, koma lipoti lomwe linatuluka mu Malichi 2000, motsogozedwa ndi kazembe wa Canada Robert Fowler, linasonyeza kuti miyalayo imadutsabe m'mayiko ena n'kukafika kumisika ya ku Ulaya. Ku Mozambique kunalibe chuma chotero. Renamo inkadalira South Africa ya tsankho, yomwe pofika 1990 inali yotanganidwa ndi zake, Mandela atatuluka m'ndende. Frelimo inkadalira Soviet Union yomwe inali ikugwa. Kenako chilala cha 1991 ndi 1992, chomwe ife tomwe kuno timachikumbukira bwino, chinaumitsa minda m'madera omwe Renamo inkatolerako chakudya. Asilikali a mbali zonse anali ndi njala. Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa oukira boma a Renamo, ndi pulezidenti Joaquim Chissano wa Frelimo atafika ku Rome kukasainirana mtendere, onse anali opanda kolowera kwina.

Choncho mukamva za Sudan lero, funsani za golide ndi za mayiko omwe akutumiza zida. Akatswiri a United Nations ananenapo kuti pali umboni womveka woti gulu lankhondo la RSF, lolimbana ndi asilikali a boma, limalandira thandizo kuchokera ku United Arab Emirates, ngakhale dzikolo limakana. Mukamva za kum'mawa kwa Congo, funsani za migodi ya coltan ya ku Rubaya ndi za asilikali a Rwanda omwe akatswiri omwewo akhala akunena kuti ali m'dera la Kivu. Chomwe chimandinyansa ine n'chakuti nthawi zambiri dziko lomwe likudyetsa nkhondo limapezekanso pamwambo wosainirana ngati mboni kapena ngati mkhalapakati, litavala nkhope yachisoni.

Tsopano pofika pa funso lomwe ndimaliona lalikulu kuposa onse: mfuti zipita kuti, liti, ndipo ndani ayambe kutula? Gawo limeneli silikhala pa tsamba loyamba. Limakhala kumapeto kwa chikalata, m'zigawo zomwe atolankhani sawerenga, ndipo kawirikawiri amangolemba kuti komiti idzakambirana mtsogolo. Taganizirani mtsogoleri wa oukira boma. Mphamvu yake yonse ili m'mfuti za anyamata ake. Akazipereka lero, mawa boma likasintha maganizo, athawira kuti? Boma nalo likuopa kuti likachepetsa asilikali ake, mnzake wabisa zida m'mapanga. Onse awiri akhoza kukhala otopa ndi nkhondo moonadi, koma palibe wofuna kukhala woyamba kutsala manja lendelende. Kubwalo kwa amfumu, awiri akayanjanitsidwa pa mlandu wa malire a munda, zimatheka chifukwa amfumu ndi nduna zawo amakhalabe m'mudzi momwemo, ndipo wozula chikhomo usiku adziwika m'mawa. Amkhalapakati a nkhondo zikuluzikuluzi amakwera ndege tsiku lomwelo.

Ku Angola mgwirizano wa Bicesse unasainidwa ku Portugal mu Meyi 1991. Unati asilikali a mbali zonse asonkhane m'misasa, atule zida, apange gulu limodzi lankhondo, kenako kuchitike chisankho. Chisankho chinachitikadi pa 29 ndi 30 Seputembala 1992, koma kutula zida kunali kusanathe n'komwe. Savimbi anasunga asilikali ake odalirika, boma nalo linasamutsira ena ake kupolisi yapadera. Oyang'anira a United Nations anali asilikali 350 opanda zida ndi apolisi 126, m'dziko lalikulu kuposa Malawi kakhumi. Mayi yemwe ankatsogolera ntchitoyo, Margaret Anstee, anadandaula kuti anamupatsa ndege yaikulu yoti aulutse koma mafuta ake a kandege kakang'ono. Zotsatira zitatuluka, pulezidenti José Eduardo dos Santos wa MPLA anapeza mavoti opitirira pang'ono 49 pa 100 alionse, Savimbi 40. Pamafunika chisankho chachibwereza, koma sichinachitike. Savimbi anati amubera, ndipo popeza gulu lake lankhondo linali chikhalire, anangolitembenuza. Kumapeto kwa Okutobala mu Luanda munali kuphana, ndipo nkhondo yomwe inatsatira, makamaka m'mizinda ya Huambo ndi Kuito, inali yoopsa kuposa ya zaka zam'mbuyo. Anayesanso ku Lusaka mu Novembala 1994, Savimbi osabwera n'komwe kudzasaina yekha, ndipo zinagwanso mu 1998. Nkhondo ya Angola inatha Savimbi ataphedwa mu Febuluwale 2002, akuluakulu a asilikali a mbali ziwiri n'kusainirana okhaokha mu Epulo chaka chomwecho.

Ku Mozambique anaphunzirapo pa zimenezi, chifukwa mgwirizano wa Rome unasainidwa pa 4 Okutobala 1992, masiku omwe Angola imayamba kuphulika. Aldo Ajello, yemwe United Nations inamutuma, anakana kuchititsa chisankho magulu awiri ankhondo alipo. Chisankho chimayenera kuchitika mu Okutobala 1993, anachikankhira chaka chathunthu mpaka Okutobala 1994. Anabwera ndi asilikali oposa 6,000 okhala ndi zida, omwe anawamwaza m'misewu ikuluikulu: a ku Italy njira ya ku Beira, a ku Bangladesh njira ya ku Nacala, a ku Botswana njira ya ku Tete, ija magalimoto athu a katundu amadutsa pochokera ku Mwanza kupita ku Zimbabwe. Koma chomwe ndimachiona chanzeru kwambiri sichinali cha mfuti. Msilikali aliyense wotula zida ankalandira malipiro kwa zaka ziwiri, miyezi 6 kuchokera ku boma, miyezi 18 kuchokera kwa mayiko othandiza, ndipo ndalamayo ankakatengera kubanki ya m'boma lakwawo. Mnyamata woti wakhala m'tchire kuyambira ali wamng'ono anapeza chifukwa chopitira kumudzi ndi kukhazikikako mpaka akolole kawiri. Gulu latsopano lankhondo limayenera kukhala ndi anthu 30,000, theka mbali iyi theka inayo, koma odzipereka sanakwane n'theka lomwe. Anthu anali atatopa ndi yunifolomu. M'misasa ina asilikali ankachita kuukira, kutseka misewu, pofuna kuti awamasule msanga azipita kwawo.

Pitani nalo funso lomweli ku South Sudan. Mgwirizano wa Ogasiti 2015 unalola kuti Riek Machar, mtsogoleri wa oukira boma, abwerere ku Juba ngati wachiwiri kwa pulezidenti Salva Kiir, aliyense ndi asilikali ake mumzinda umodzi. Anafika mu Epulo 2016. Mu Julayi, awiriwo ali pamsonkhano kunyumba ya boma, owalondera anayamba kuwomberana panja, ndipo patangopita masiku Machar anali akuthawa wapansi kulowera ku Congo. Ku Sudan, nkhondo ya pa 15 Epulo 2023 inabuka akazembe akunja ali mkati mokonza mgwirizano wobwezera boma kwa anthu wamba. Panatsala nkhani imodzi yomwe anaisiya kuti ikambidwe pambuyo: RSF ilowe liti m'gulu lankhondo la boma, ndipo azilamula ndani. Asilikali a boma otsogozedwa ndi Burhan amati zaka ziwiri, a RSF otsogozedwa ndi Hemedti amati zaka khumi. Nkhani yosiyidwayo ndi yomwe inagumula Khartoum. Ndiye mukapeza chikalata cha mgwirizano pa intaneti, dumphani mawu okoma a koyambirira, pitani kumapeto. Onani ngati atchula misasa yosonkhanirako asilikali, masiku ake, amene adzawerenge mfuti, ndi amene adzalipire chakudya cha m'misasamo. Ku South Sudan pambuyo pa mgwirizano wachiwiri wa Seputembala 2018, asilikali ambiri anathawa m'misasa yotere chifukwa cha njala ndi kusowa mankhwala.

Funso lotsatira n'logwirizana ndi lomweli: wogonja pachisankho atsala ndi chiyani? Mayiko a azungu amakonda chisankho chifukwa chili ndi tsiku, chikachitika amalemba lipoti kuti ntchito yatha n'kunyamuka. Koma kwa munthu yemwe wamenya nkhondo zaka 16, chisankho chomwe wopambana amatenga zonse n'chiopsezo. Ku Mozambique mayiko othandiza anasonkha ndalama, madola oposa 17 miliyoni, zoti Renamo isanduke chipani, ipeze maofesi, magalimoto ndi nyumba za atsogoleri ake mumzinda. Ena ankati n'ziphuphu, ndipo sindingawatsutse kwambiri. Dhlakama anafika ponena kuti watuluka mu chisankho usiku woti mawa anthu avota, akazembe ndi atsogoleri a m'chigawo chino anamunyengerera, n'kubwerera. Anagonja kwa Chissano, koma chipani chake chinapeza mipando 112 mwa 250 m'nyumba ya malamulo. Anali ndi choti n'kutaya akabwerera kutchire.

Komano samalani, chifukwa mankhwala omwewa akachuluka amapha. Ku Sierra Leone, mgwirizano wa ku Lomé wa Julayi 1999 unakhululukira Foday Sankoh, mtsogoleri wa gulu lomwe linkadula anthu manja, n'kumupatsa udindo wofanana ndi wachiwiri kwa pulezidenti komanso kuyang'anira migodi ya dayamondi, chuma chomwecho chomwe amamenyera nkhondo. Pofika Meyi 2000 anyamata ake anagwira asilikali a United Nations pafupifupi 500, ambiri mwa iwo a ku Zambia. Zinatengera asilikali a Britain kuti zinthu zitembenuke. Ku Congo kwakhala chizolowezi choti woukira boma amapatsidwa udindo wa mkulu wa asilikali, n'kusiyidwa m'dera lake lomwelo ndi anyamata ake omwewo, atangosintha yunifolomu. Gulu la M23 linabadwa motero: ndi asilikali a gulu loukira boma la CNDP omwe analowetsedwa m'gulu lankhondo la boma ndi mgwirizano wa pa 23 Malichi 2009, n'kuukiranso mu 2012 ponena kuti boma silinakwaniritse malonjezo. Mnyamata wa m'mudzi wa ku Kivu akaona zimenezi amaphunzira kuti njira yachidule yopezera udindo ndi kutola mfuti. Poyeza mgwirizano, onani ngati mphotho ikubwera atatula zida kapena asanatule, ndipo ngati ikupita kwa mtsogoleri yekha kapena ikufikanso kwa anyamata ake.

Kenako onani alonda. Mukamva kuti kupita asilikali osungitsa mtendere, funsani kuti ndi angati, ali ndi zida zotani, aloledwa kuchita chiyani, ndipo akaphedwapo khumi, mayiko awo adzatani. Ku Rwanda mgwirizano wa Arusha wa pa 4 Ogasiti 1993 unali wolembedwa mwaluso, wogawa maunduna ndi maudindo a usilikali pakati pa boma ndi oukira boma a RPF. Chipani cha CDR cha Ahutu oumitsa mitima sichinali m'menemo, ndipo akuluakulu a asilikali omwe amaona kuti ataya ntchito ndi mphamvu anali akugawa kale zida. Roméo Dallaire, mkulu wa asilikali a United Nations, anali ndi anthu pafupifupi 2,500. Pa 11 Januwale 1994 analembera ku New York kuti wauzidwa komwe kwabisidwa zida ndipo akufuna akazilande. Anamuletsa, amvekere sizili m'ntchito yomwe anamutuma. Ndege ya pulezidenti Habyarimana itagwetsedwa pa 6 Epulo, asilikali khumi a Belgium a m'gulu la United Nations anaphedwa tsiku lotsatira, Belgium n'kuchotsa ake onse. Pa 21 Epulo, anthu akuphedwa m'matchalitchi ndi m'misewu, khonsolo ya chitetezo ya United Nations inavota kuti asilikaliwo achepetsedwe atsale 270. Anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100. Okonza chiwembucho anali ataona zomwe zinachitika ku Somalia mu Okutobala 1993, asilikali 18 a America ataphedwa ku Mogadishu America n'kuyamba kulongedza, ndipo anawerengera bwino.

Nkhani ya alonda imatikhudza ife a Malawi mwachindunji. Mu 2013 asilikali athu, limodzi ndi a Tanzania ndi South Africa, anali m'gulu lapadera la United Nations lomwe linaloledwa kuyamba ndilo kumenya, ndipo pofika Novembala chaka chimenecho M23 inali itagonja, otsala n'kuthawira ku Uganda ndi Rwanda. Ambiri tinanyadira. Koma zomwe zinayenera kutsatira, zoti othawawo abwerere, aweruzidwe kapena akhululukidwe, ndi zoti Kinshasa ndi Kigali amvane pa nkhani ya FDLR, gulu lankhondo la Ahutu a ku Rwanda lomwe linakhazikika ku Congo, zinangokhala papepala. Kumapeto kwa 2021 M23 inabwerera. Mu Novembala 2018 tinataya asilikali 6 kufupi ndi Beni polimbana ndi zigawenga za ADF, ndipo mu Januwale 2025 ena anafera kufupi ndi Goma pansi pa mbendera ya SADC, mzindawo n'kugwabe. Mu Malichi atsogoleri a SADC anathetsa ntchitoyo. Anyamata athu anamenya momwe anatumidwira. Koma m'maganizo mwanga, msilikali wakunja amangogulira andale nthawi, ndipo andale akaidya nthawiyo osachita kanthu, maliro amafika ku Lilongwe pandege popanda chomwe chasintha ku Kivu.

Funsaninso kuti changu chake n'cha ndani. Mkhalapakati nayenso ali ndi zofuna zake: wina akufuna mbiri asanachoke paudindo, wina akufuna migodi, wina akufuna othawa nkhondo asafike kwawo. Mgwirizano wosainidwa chifukwa chowopsezedwa umadziwika ndi nkhope za osainawo. Salva Kiir posaina mu Ogasiti 2015, atawopsezedwa ndi zilango, ananena poyera kuti sakukhutira ndipo anapereka mndandanda wa mfundo zomwe sakugwirizana nazo. Munthu wotero wakuuzani kale zomwe adzachite. Zokambirana za ku Rome zinatenga miyezi 27, kuyambira Julayi 1990, ndipo oziyendetsa sanali a dziko lamphamvu: anali Andrea Riccardi ndi wansembe Matteo Zuppi a gulu la Chikatolika la Sant'Egidio, arkibishopu wa ku Beira Jaime Gonçalves, ndi phungu wa ku Italy Mario Raffaelli. Analibe asilikali owopsezera munthu, analibe tsiku lomaliza. Anthu ankawanena kuti akuchedwa pomwe ena akufa, ndipo anthu amafadi, zimenezo sitingazibise. Koma mfundo iliyonse, ya zipani, ya chisankho, ya asilikali, inakambidwa mpaka eni ake anaivomera. Chinanso choti muwerenge ndi kuchuluka kwa amkhalapakati. Nkhani ya Congo yadutsa ku Nairobi, Luanda, Doha ndi Washington m'zaka zochepa. Ya Sudan yadutsa ku Jeddah, kwa bungwe la mayiko a kum'mawa kwa Africa la IGAD, ku Cairo ndi ku Geneva. Mabwalo akachuluka, womenya nkhondo amasankha lomwe likumukomera, likamuvuta n'kusamukira kwina, uku akulanda midzi.

Pali mbali ina yomwe akazembe saiona chifukwa amathera m'mahotela a mumzinda waukulu. Pansi pa nkhondo yaikulu pamakhala tinkhondo ting'onoting'ono ta malo, ng'ombe ndi ufumu. Ku Masisi, kum'mawa kwa Congo, anthu amakangana za mwini nthaka kuyambira nthawi ya atsamunda a ku Belgium. Ku Jonglei, m'dziko la South Sudan, achinyamata a Chinuer, Chimurle ndi Chidinka amalandana ng'ombe ndi ana kaya ku Juba kwasainidwa chiyani. Ngati mgwirizano sukunena kanthu za munda womwe wothawa nkhondo adzaupeze wina akulima, gawo limenelo lidzathetsedwa ndi zikwanje.

Mukatha kufunsa zonsezi, chotsala ndi kudikira n'kumayang'ana, ndipo apa ndili ndi chizindikiro chomwe ndimachikhulupirira kuposa mawu a nduna iliyonse: mapazi a othawa nkhondo. Amene munayendapo msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mukukumbukira. Msewuwo ndi malire enieni. Mbali ya Mozambique kunali mashopu akale a njerwa opanda madenga, makoma akuda ndi utsi, udzu utamera mkati. Mbali yathu timakumbi ta udzu tinali titathithikana m'mapiri mpaka kumunsi, osasiya ndi pomwe mbuzi ingadye. Malawi inasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni, ndipo ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Nkhani ya ku Rome itamveka, sanasamuke onse nthawi imodzi. Amayamba ndi bambo kapena mnyamata wamkulu, kuwoloka m'mawa ndi khasu kukaona munda, madzulo n'kubwerera kudzagona kuno, khadi lolandirira ufa ali nalobe m'thumba. Kenako amakamanga kachisakasa, n'kudzala. Amayi ndi ana amatsatira chimanga chikacha. Mukaona denga la malata likusasulidwa kumsasa kupita kutsidya, ndiye kuti mtima wakhazikika. Pofika 1995 anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anali atabwerera ku Mozambique kuchokera m'mayiko oyandikana nawo, ambiri mwa iwo paokha osadikira malole a UNHCR, bungwe loona za othawa nkhondo. Anthu amenewa ali ndi abale mbali zonse, amadziwa ngati mkulu wa asilikali wa m'dera lawo wachokadi kapena wangovula yunifolomu. Ndiye mukamva za mtendere ku Sudan, fufuzani ngati chiwerengero cha othawira ku Adré m'dziko la Chad chikutsika kapena chikukwera. Malipoti a UNHCR amapezeka pa intaneti aulere.

Ndipo musasiye kuyang'ana zaka ziwiri zikatha, chifukwa ngakhale Mozambique yomwe ndaitamayi inasiya nkhani zina zosamaliza. Dhlakama analoledwa kusunga omulondera okhala ndi mfuti kwa kanthawi, kanthawiko kanatha zaka makumi awiri. Malamulo anapatsa pulezidenti mphamvu yosankha abwanamkubwa a zigawo zonse, moti Renamo inkapambana mavoti ku Sofala ndi Zambezia koma osalamulira chigawo n'chimodzi chomwe. Asilikali ake akale sankalandira penshoni ngati anzawo a boma. Mu Okutobala 2012 Dhlakama anabwerera kuphiri la Gorongosa, mu 2013 mfuti zinayambanso kulira pamsewu wa ku Muxúnguè, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2016 anthu oposa 10,000 a ku Tete anali atathawira ku Kapise m'boma la Mwanza, ena n'kusamutsidwira ku Luwani ku Neno, msasa womwewo womwe unasunga makolo awo. Nthumwi zakunja zomwe zinabwera gulu mu 2016 zinabwerera chimanjamanja. Zinayamba kuyenda Filipe Nyusi, pulezidenti wa nthawiyo, ndi Dhlakama atayamba kuimbirana foni okha, mothandizidwa mwakachetechete ndi kazembe wa Switzerland Mirko Manzoni, mpaka Nyusi anakwera yekha ku Gorongosa. Dhlakama anamwalira mu Meyi 2018, ndipo mgwirizano unasainidwa ndi wolowa m'malo mwake, Ossufo Momade, pa 6 Ogasiti 2019, malamulo atasinthidwa kuti abwanamkubwa azisankhidwa ndi anthu. Asilikali a Renamo 5,221 anatula zida, koma msasa womaliza ku Gorongosa unakana kutsekedwa mpaka boma litavomereza lamulo la penshoni yawo. Unatsekedwa mu Juni 2023.